Mkazi wopusa wa m'nkhani yathu

1

Dzina langa ndine Perpetua. Ndimaphunzitsa Chichewa pasekondale ina muno mu Zomba, ndipo ndili ndi matenda amodzi amene kuchipatala alibe mankhwala ake: sinditha kuona cholakwika n'kuchisiya. Ndinabwezapo khadi ya ukwati wa mnzanga nditaizunguliza ndi cholembera chofiira. Ku ukwatiko ndinapita ndithu, koma anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi jenereta.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene nkhani ya kutha kwa banja langa inandipezera. Ndinaiwerenga ndekha, gawo ndi gawo, kwa miyezi ingapo, ndikuikonza zilembo, osadziwa kuti ndi yanga.

Tinali ndi kagulu ka alembi. Tinkakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa golosale ina ku Matawale. Anakayambitsa ndi a Medson, bambo wopuma ntchito ya ukalaliki, wolemba ndakatulo zazitali zoti womvera amayamba wapita kukataya madzi. Panali Brenda, namwino, wolemba nkhani zachikondi zimene pamapeto pake aliyense amafa. Panali Lloyd, amene anamaliza maphunziro ku Chirunga n'kukhala akudikira ntchito ndi buku lake loyamba, zonse ziwiri osabwera. Panalinso ena angapo amene ankaoneka pakakhala zitumbuwa.

Lamulo linali limodzi lokha, la a Medson: wolemba safunsidwa ngati zimene walembazo zinachitikadi.

"Mukayamba kufunsana zimenezo," ankatero, "mawa aliyense azilemba za mvula ndi maluwa."

Kenako mwini golosale anaona kuti nkhuku zoyera zingamupindulire kuposa alembi. Loweruka lina tinapeza m'chipinda chathu muli utuchi ndi anapiye. Mwezi womwewo a Medson anabwerera kwawo ku Phalombe, Lloyd naye anapeza ntchito ku Lilongwe. Tinajambulitsa chithunzi kutsogolo kwa kholalo, tinalonjezana kuti sititayana, aliyense n'kulowera kwake.

Ine ndinatsegula gulupu ya WhatsApp, n'kudzisankha ndekha kukhala adimini.

2

Gulupuyo inadwala isanayambe n'kukwawa komwe. Poyamba tinkapatsana moni. Kenako anthu anayamba kutumiza zithunzi za maluwa zolembedwa kuti tsiku labwino. Patapita miyezi iwiri munkangolowa mavesi, ndi mauthenga a munthu wina wogulitsa mankhwala a shuga amene mpaka lero sindidziwa kuti analowa bwanji.

Ndinayesa zonse. Ndinapereka mutu wa sabata, zii. Ndinalengeza mpikisano wa ndakatulo, zii. Ndinafika potumiza ndakatulo yanga n'kuitsutsa ndekha.

Kunyumba ndinkadandaulira amuna anga, a Gilson. Iwo ndi a matabwa: amagula kwa ocheka kuphiri n'kutsitsa pa lole yawo kudzagulitsa m'tauni. Masiku amenewo ankagona kuphiri kawirikawiri, ati ocheka ukawasiya okha matabwa amamera miyendo. Mwana wathu Luso anali kusukulu yogonera komweko. Mng'ono wanga Aggie, amene ndinamulera chimwalirire mayi athu, anali atachoka pakhomo kupita ku Limbe kukaphunzira zosoka. Choncho m'nyumba munali zii ngati mugulupu muja. A Gilson ankati amusowa Aggie, poti ndiye ankaseka nthabwala zawo zachilamu, zija zoti "akazi anga aang'ono, madzi osamba ali kuti?" Ine nthabwala ndimayamba ndaona kaye ngati yayalidwa bwino.

"Gulu lanulo lafa, amayi a Luso," anatero tsiku lina akumanga nsapato. "Ikani maliro mupume."

Ndinakwiya, chifukwa zinali zoona.

Ndiye Lachiwiri lina, ndili m'chipinda cha aphunzitsi, foni inalira. Anali Brenda mugulupu.

"A Adimini, bwanji tilembe nkhani imodzi molandirana? Wina gawo lake, wina gawo lake, sabata ndi sabata. Ndiyamba ndine."

Tiyi wanga asanazizire, a Medson anavomera. Lloyd anavomera. Anthu amene ndinkayesa kuti anagulitsa mafoni anavomera. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati ndi khama langa labala zipatso. Ndinauza mphunzitsi wa masamu amene ndinakhala naye pafupi kuti utsogoleri umafuna kupirira, iye n'kupitiriza kuchonga.

3

Gawo la Brenda linali la mayi wina dzina lake Esinati, wophunzira bwino, wolemekezeka kutchalitchi. Mwamuna wake, Folomani, ankagula mbatata ya kachewere kuphiri la Zomba n'kumagulitsa m'tauni. Ankagona kuphiriko kawirikawiri, ati alimi ukawasiya amagulitsa kwa ena. Koma kumeneko anali ndi nyumba ina, ndi mkazi wina.

Ndinakonza malo asanu ndi amodzi, kenako ndinapereka ndemanga.

"Chiyambi chabwino, Brenda, ndipo ndakondwa kuti palibe wafa. Koma Folomani ndi wouma, sakuoneka ngati munthu. Mwamuna amadziwika ndi tizizolowezi take."

Sabata yotsatira inali yanga, ndiye ndinawaonetsa mmene zimakhalira. Poti mwamuna amene ndimamudziwa bwino ndi mmodzi, ndinabwereka kwa a Gilson. Folomani wanga ankayendetsa galimoto wopanda nsapato, ataziika pansi pa mpando. Ankatsuka m'kamwa ndi tiyi womalizira m'kapu. Akabwera mochedwa ankalowa pakhomo akuimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi, kuti wofuna kufunsa achite manyazi.

Nditatumiza, mugulupu munakhala chete tsiku lonse. Ndinaona kuti onse awerenga, koma palibe analemba kanthu. Mawa lake ndi pamene Lloyd anayankha.

"Madamu, mwamujambula ndendende."

Ndinathokoza.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinawawerengera a Gilson tikumwa tiyi pakhonde. Gawo la Brenda anamvetsera akugwedeza phazi. Nditafika pa nsapato, phazi linaima.

"Zimenezi walemba ndani?"

"Ndine. Ndakubwerekani pang'ono, musadandaule. Alembi timatero."

"Nanga zoyambazo? Za nyumba ya kuphirizo?"

"Brenda."

"Brenda uti? Namwino uja?"

"Yemweyo. Bwanji, mumamudziwa?"

Tiyi anawalowa pena. Anatsokomola mpaka misozi, ine ndikuwamenya kumsana. Atapeza mpweya anati anamwino ali ndi nthawi yambiri masiku ano.

4

Nkhaniyo inakula, ndipo gulupu inadzuka moti foni yanga inkatentha. Anthu ankakangana za Folomani ngati ndi wa pamudzi pawo. Ine ndinkayenda mwamatama. Ndinaganiza zolemba malangizo oti athandize magulu ena a alembi amene misonkhano yawo inatha.

Gawo la a Medson linali lalitali, monga mwa nthawi zonse. Katundu anayamba kusowa m'nyumba ya Esinati: bulangeti, ketulo, makatani akale. Folomani ankati akupita nazo kumsasa, kuphiri kukuzizira. Esinati ankamulongedzera yekha.

Apa sindinapirire.

"A Medson, mwawonjeza. Esinati ameneyu ndi wopusa kwambiri, owerenga sangamukhulupirire. Mkazi weniweni amadziwa. Amamva ndi fungo lokha."

Dziwani kuti sabata yomweyo ndinali nditawalongedzera a Gilson bulangeti lathu lofiira ndi kambaula kakang'ono, poti unali mwezi wa Juni. Makatani akale anali atapita kale, ati atchingire mphepo pamsasa. Sindinaone kugwirizana kulikonse. Folomani anali wa mbatata, anga anali a matabwa.

A Medson anayankha mofatsa.

"Alipo otere, mwananga. Ena ndi ophunzira bwino ndithu."

"Ngati alipo, asalembedwe," ndinatero. "Amatichititsa manyazi."

Dandaulo langa lina linali la mkazi wa kuphiriyo. Magawo onsewo analibe nkhope, analibe dzina. Aliyense akafika pa iye ankangomuzungulira ngati chitsime chopanda chivundikiro. Ndinalamula kuti wolemba wotsatira amupatse nkhope. Anali Lloyd. Analemba kuti anali mtsikana wamng'ono, wa mpata pakati pa mano akutsogolo ngati Esinati, ndipo akaseka kuseri kwa chitseko ukanati ndi Esinati yemwe.

Ine mpata umenewo ndili nawo. Ndi wakumtundu, tinatengera mayi athu.

"Lloyd, uwu ndi ulesi," ndinalemba. "Akazi awiri m'nkhani imodzi asamafanane chonchi, pokhapokha ngati ndi pachibale."

Lloyd sanayankhe ndi mawu. Anangotumiza kankhope kogwira kumutu. Ndinati wavomereza kulakwa kwake.

Kunyumba a Gilson anasintha. Anayamba kuyendetsa lole atavala nsapato, moti tsiku lina anatsala pang'ono kugwetsa mpanda wa aneba. Mluzu unatha. Ankabwera ndi masitiroberi a kuphiri, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Ndipo akangofika, asanasambe n'komwe, ankafunsa.

"Yafika pati nkhani ija?"

Ndinkawawerengera mosangalala. Zaka zonsezi munthuyu sanawerengepo ngakhale ndakatulo yanga imodzi, lero wakhala wokonda zolembalemba.

"Mukuona bwanji, Esinati adzazindikira?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Nkhani imeneyi ndi yosathandiza," anatero. "Ikukutherani bandulo. Bwanji mungotulukamo mugulumo?"

"Adimini satuluka."

"Ndiye muithetse. Folomaniyo agundidwe ndi galimoto basi."

Ndinawauza kuti amenewo ndi mathero a Brenda, ndipo ife tinasiya.

Aggie ankandiimbira mwa apo ndi apo. Pa Pasaka sanabwere, ati ntchito ya mayunifolomu yachuluka. Tsiku lina tikulankhula ndinamva tambala ndi mphepo ikuwomba m'mitengo, ndipo ndinamuuza kuti Limbe wakhala wabata masiku ano. Anaseka pang'ono n'kunena kuti netiweki ikuvuta.

5

Gawo lotsatira linali la Brenda, ndipo linabwera Lachisanu, a Gilson ali kuphiri kuyambira dzulo lake. Kwa nthawi yoyamba nyumba ya mkazi uja inafotokozedwa bwino. Ukamakwera msewu wa kuphiri, analemba choncho, umafika pokhota pamene anyamata amagulitsa masitiroberi. Pamenepo pali kanjira kotsikira kumanzere. Ukakatsata umapeza nyumba ya chitseko chobiriwira, ndipo pabwalo pake pali mtengo waukulu wa mlambe.

Ndinawerenga kawiri. Ndinavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwerenganso.

Mlambe. Paphiri la Zomba.

"Brenda," ndinalemba, "mlambe ndi mtengo wa kuchigwa, kotentha. Pita ku Liwonde ukauone. Paphiri pamamera paini. Ndakhala ndikukuuzani kuti musamalembe za malo amene simunapondeko."

"Ulipo, achemwali. Ndinauona ndi maso angawa."

"N'zosatheka."

A Medson analowererapo. "Nanenso ndinauona. Waukulu kwabasi."

"Ine ndinadyako malambe ake," anatero Lloyd.

Mmodzi wa a zitumbuwa aja anawonjeza kuti anabisalapo mvula pansi pake. Magazi anandikwera. Anthu akuluakulu, ena a madigiri, kugwirizana pa bodza la mtengo!

"Chabwino," ndinalemba. "Mawa ndikupita komweko. Ndikajambula malowo, ndikuchititseni manyazi nonse."

"Nthawi yanji?" anafunsa a Medson.

"Cha kummawa, ndikamaliza kuchapa."

"Yendani bwino, mwananga."

Ndinaona kuti ndi ulemu wa munthu amene wadziwa kuti waluza.

6

Loweruka ndinakwera njinga yamoto. Kunali kozizira, nkhungu isanachoke bwino pamwamba. Tinkakumana ndi azibambo akutsika ndi njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, akukoka mabuleki ndi mphamvu zawo zonse. Ine m'mutu ndinkakonza kale mawu oti ndilembe pansi pa chithunzi.

Pokhota paja panalidi anyamata a masitiroberi. Kanjira kotsikira kumanzere kanalipo. Ndinamuyamikira Brenda mumtima kuti mbali imeneyi anafufuza. Ndinatsika pang'onopang'ono, poterera ndi masamba a paini, mpaka ndinaona nyumba ya chitseko chobiriwira.

Pabwalo panali mtengo wa mapichesi, wowonda, wopanda ndi tsamba lomwe. Mlambe panalibe.

Ndinasangalala, owerenga, ndisakunamizeni. Ndinatulutsa foni, ndinabwerera m'mbuyo kuti nyumba yonse ilowe, n'kujambula. Kenako ndinakuza chithunzicho ndi zala kuti ndione ngati chaoneka bwino.

Pachingwe panali bulangeti lofiira. Pawindo panali makatani a maluwa achikasu, ndipo pansi pa limodzi panali chigamba chimene ndinasoka ndekha Luso atalitentha ndi kandulo. Kuseri kwa nyumba kunkasuzumira mphuno ya lole. Ndinatsitsa foni. Zonsezo zinali pomwepo, ndipo m'nyumbamo wina ankaimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka Aggie, beseni m'manja, khanda kumsana. Beseni linagwa.

"Achemwali."

Anagwada pomwepo, m'madzi a sopo.

"Kuno ndiye ku Limbe?" ndinafunsa.

Mluzu unasiya. A Gilson anatulukira kumbuyo kwake, kapu ya tiyi m'manja, opanda nsapato.

"Amayi a Luso, dikirani. Ndikufotokozereni bwinobwino."

"Musavutike," ndinatero. "Ndawerenga kale."

Mawu anatuluka owongoka, koma mkati ndinali nditagumuka. Za a Gilson zinandipweteka, inde. Koma mwamuna ndi munthu amene unamupeza ali ndi mano kale. Aggie ndinamubereka kumsana kwangaku pamaliro a mayi athu. Ndinamumeta tsitsi, ndinamuperekeza tsiku loyamba kusukulu, atatha msinkhu ndine ndinamukhazika pansi. Popita ku Limbe kuja ndinamukazingira mtedza wa panjira.

Khanda linayamba kulira. Aggie analitembenuzira kutsogolo, ndipo ndinaona kuti alikulunga ndi shawelo ya Luso, imene ndinkaisunga pansi pa sutikesi. Makutu anali a a Gilson, osafunsa.

"Wamwamuna?"

"Eya, achemwali."

"Dzina?"

"Peace."

Ndinayang'ana mwanayo, mng'ono wanga, amuna anga, makatani anga. Kanali koyamba m'moyo wanga kuona cholakwika chachikulu chotere n'kusowa poyambira kukonza. Ndinatembenuka n'kuyamba kukwera kanjira kaja. A Gilson ananditsatira pang'ono, koma minga ya paphiri siimvera munthu wopanda nsapato, ndiye anabwerera.

7

Nditatulukira pamsewu ndinawapeza onse.

Anali atakhala pamiyala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi anyamata a masitiroberi. A Medson atavala jekete lawo la misonkhano, atabwera ndi minibasi yoyamba kuchokera ku Phalombe. Lloyd maso ali psu, wangotsika basi ya ku Lilongwe. Brenda ndi chitenje chapadera m'manja. Ngakhale a zitumbuwa aja analipo, popanda chitumbuwa ndi chimodzi chomwe. Chichokereni m'khola la nkhuku lija, kanali koyamba kukumana tonse.

Ndinaima patsogolo pawo ngati m'kalasi.

"Mlambe kulibe," ndinatero.

"Tikudziwa, mwananga," anatero a Medson.

Pamenepo ndinayamba kugwa. Brenda anandigwira ndisanafike pansi, anandifunditsa chitenje chija, ndipo ndinalira mokweza moti anyamata a masitiroberi anasamukira kutsidya kwa msewu.

Nditatonthola, Brenda anafotokoza. Anawaona a Gilson ndi Aggie kusikelo. Kumeneko mayi woyembekezera akabwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga, ndipo a Gilson pamzere sakhalitsa, ndiye anamuperekeza Aggie n'kukhala pabenchi yakutsogolo. Iwo Brenda sanamuzindikire m'yunifolomu, koma iye anawazindikira onse awiri. Nyumba ya kuphiri ija anadzaipeza yekha pofunsafunsa.

"Ntchito yanga siyilola kuulula za odwala, achemwali. Komanso za m'banja ukalowerera, eni ake akagwirizana mdani umakhala iwe. Ndinasowa tulo. Ndiye ndinangolemba ngati nkhani, mayina ena, n'kutumizira a Medson kuti aione."

"Ine nditawerenga," anatero a Medson, "ndinaphwanya lamulo langa lomwe. Ndinamufunsa ngati zinachitikadi. Anangokhala chete, ndiye ndinadziwa."

Brenda anandipatsa foni yake. Munali gulupu ina ya WhatsApp. Anthu ake anali omwewa, kupatula ine ndi wogulitsa mankhwala a shuga uja. Dzina lake linali lakuti Timuuza Bwanji.

Ndinapukusa ndi chala, mauthenga osatha. Inatsegulidwa nthawi imene yanga inkangolandira mavesi. Tsiku lililonse ankalankhulana, kukangana, kukonza magawo asanawatumize kwa ine, kufunsana ngati ndazindikira. Nthawi yonse imene ndinkadandaula kuti gulu lafa, linali lamoyo kuposa mmene linalili kuseri kwa golosale.

"Mavesi aja tinkatumiza chifukwa cha manyazi, Madamu," anatero Lloyd. "Tinkasowa chokuuzani."

Chakumapeto ndinapeza uthenga wa a Medson, wa Lachinayi lapitalo. Unali waufupi kuposa chilichonse chimene analembapo: "Perpetua fanizo saliona, kunong'oneza samva. Koma cholakwika sangachisiye. Dzalanipo mlambe."

Ndinakwiya. Ndinawafunsa ngati zinkawakomera kundionera miyezi yonseyi, ndikudzitukwana ndekha pagulu.

"Palibe anaseka, achemwali," anatero Brenda. "Tsiku lija munalemba kuti Esinati ndi wopusa, ndinakadzitsekera m'chipinda cha mankhwala n'kulira."

"Bwanji osangondiuza mwachindunji?"

"Mukanakhulupirira?" anafunsa Lloyd.

Ndinaganiza. Ndikanamufunsa umboni, ndikanamuuza kuti Aggie ali ku Limbe, kenako ndikanamuchotsa mugulupu. A Medson anagula kabasiketi ka masitiroberi, tinadya, kenako tinatsika phiri wapansi, ine pakati.

8

Zotsatira zake ndi zimene mukuzidziwa kale. Ankhoswe anabwera, anakhala pansi, analankhula za kupirira. A Gilson anati Satana ndi wamphamvu. Ine ndinati nyumba ndi ya sukulu, ndipo sukulu inalemba ntchito ine. Anatenga zovala zawo pa lole yomwe ija, ndipo pochoka ndinaona kuti avulanso nsapato.

Luso atabwera kutchuthi ndinamuuza zonse. Anafunsa kuti mwanayo azimutchula chiyani. Ndinamuuza kuti pachikhalidwe chathu palibe vuto, mwana wa mayi aang'ono ndi mlongo wako kale. Tinaseka pang'ono, kenako tinalira.

Aggie amanditumizira mauthenga opepesa. Amakhala odzaza ndi zolakwika, poti zilembo zinkamuvuta kuyambira kale. Ndimawerenga onse. Sindikonza, ndipo sindinayankhepo. Mwina tsiku lina ndidzatha. Sindikulonjeza.

Gulu lathu lilipo. Timakumana kamodzi pamwezi pabalaza panga, poti malo alipo tsopano. Amene ali kutali timawaimika pafoni, titaitsamiritsa ku botolo la shuga. Gulupu ina ija anaifufuta ine ndikuona. Gawo lomaliza la nkhani ya Esinati linagwera ine, ndipo anandidikira osandifulumiza. Ndi limeneli mukuwerengali. Ndangobwezeretsa mayina enieni.

Owerenga, ena mwa inu muli ndi magulu amene misonkhano yake inatha, ndipo mukufuna kudziwa mmene mungawagwirizanitsire. Malangizo ndinkafuna kulemba aja ndinawasiya. Mitu ya sabata ndi mipikisano sizinagwire munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu aja anagwirana chifukwa mmodzi wa iwo anali pamoto, ndipo wina anakwera basi kuchokera ku Lilongwe kudzakhala pamwala kudikira kuti ndigwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakutsina mozungulira chotere. Anzanu akakutumizirani nkhani, muziyamba mwaimva musanatenge cholembera chofiira.

Pa zonse zimene ndinakonza m'nkhani ija, chimodzi chokha ndi chimene ndinabwerera kukakonzanso. Ndinapukusa gulupu yathu mpaka mwezi wa Juni, ndinapeza ndemanga yanga ija yonena za Esinati, ndipo pansi pake ndinalemba kuti ndinalakwitsa. Mayi uja sanali wopusa. Ankangokhulupirira anthu a m'nyumba mwake.